Nthenda Ziwiri m'Diso Limodzi

Ndikhulupira kuti palibe mmodzi wa inu, ana, amene sanadwalepo maso. Mukumbukira m'mene munadzukira m'mawa zikope zitamatana ndi manthongo, maso ali psu, ndipo poyang'ana kunja misozi inangotuluka yokha. Amai anakusukusulani ndi madzi ofunda, napita nanu ku cipatala, ndipo atapita masiku owerengeka munabwerera ku sukulu muli bwino. Cifukwa ca ici anthu ambiri aganiza kuti nthenda iri yonse ya maso ndi yaing'ono.

Koma m'phunziro lino tidzaona kuti diso limodzi likhoza kugwidwa ndi nthenda ziwiri pa nthawi imodzi. Yoyamba ndiyo ya tizirombo, imene ipweteka msanga nionekera kwa munthu ali yense. Yaciwiri ndiyo kansa, imene ikula pang'ono-pang'ono yosapweteka, ndipo kawiri-kawiri ibisala kumbuyo kwa inzace. Munthu akaciritsa yoyamba yokha naiwala yaciwiri, akhoza kutaya diso lace, ngakhale moyo womwe.

Ziwalo za diso

Poyamba tiyeni tidziwe mapangidwe a diso. Yang'anani m'diso mwa mnzanu amene mwakhala naye pafupi. Muona coyera ca diso. Coyeraco cakutidwa ndi kakhungu kopyapyala koonekera m'kati, kamene kakutanso kunsi kwa zikope. Adotolo amakachula kuti conjunctiva. Pakati muona cakuda. Pamwamba pa cakudaco pali kazenera kowala ngati galasi, kochedwa cornea, ndipo kuunika kulowera pamenepo. Pakati peni-peni pali kabowo kakuda bii, kamene ife timati mwana wa diso. Kumbuyo kwa diso, kumene sitingathe kuona ndi maso athu, kuli kansaru kofewa kochedwa retina. Kansaru kameneka ndiko kalandira cithunzi ca zinthu zimene tiyang'ana, ndi kucitumiza ku bongo.

Ziwalo zonsezi, monganso thupi lonse, zinapangidwa ndi tinthu tating'ono-ting'ono tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Maselo akakalamba amafa, ndipo ena atsopano alowa m'malo mwao, osacepa ndiponso osacuruka.

Kusiyana kwa nthenda ziwirizi

Nthenda ya tizirombo icokera kunja kwa thupi. Tizirombo take ntating'ono kwambiri kotero kuti sitioneka popanda galasi lokuza zinthu lochedwa maikulosikopu. Munthu woyamba kuona tizirombo ta mtundu wa bakiteriya anali Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland, mu 1676. Tina ndi ta mtundu wa mavairasi, ndipo tina ndi ta mtundu wa cuku, cija cimera pa nsima yogonetsa. Tilowa m'diso ndi nchenche, ndi manja alitsiro, ndi nsaru yopukutira kumaso anthu ambiri, kapena pamene diso lakandika. Tikalowa, diso lifiira, liwawa, lituluka misozi ndi mafinya. Cokondweretsa ncakuti mankhwala opha tizirombo alipo. Kuyambira pamene Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928, apezeka mankhwala ena ambiri a mtundu umenewo, ena odontheza ndi ena opaka.

Kansa siiri yotere. Iyo iyamba m'thupi momwemo. Maselo ena aonongeka, nayamba kuswana osalekeza, mpaka aunjikana ndi kupanga cotupa. Cotupaco cikula, cidya mnofu umene wayandikana naco, ndipo cikalekereredwa citumiza mbeu zace ku ziwalo zina. Kansa siipatsirana. Simungaitenge pogwirana canza kapena podyera mbale imodzi ndi wodwala. Siibwera ndi ufiti, ndiponso mankhwala opha tizirombo alibe mphamvu pa iyo.

Kansa ya m'maso imene ipezeka kwambiri mwa anthu akuru kuno kwathu ndiyo yomera pa kakhungu kaja kokuta coyera ca diso. Adotolo amaichula kuti squamous cell carcinoma. Iyamba ngati kanthu kotuwa kapena kofiirira, nthawi zina kodera, pa malire a coyera ndi cakuda, makamaka mbali ya ku mphuno. Pamwamba pace pakhoza kukhala pokhakhala ngati pawazidwa ufa, ndipo timitsempha tofiira tiloza pamenepo monga tinjira topita ku citsime. Zinthu ziwiri zazikuru zimene zithandiza kuiyambitsa ndizo ceza ca dzuwa, cimene ciri camphamvu m'maiko athu otentha, ndi kacirombo ka HIV, kamene kafooketsa citetezo ca m'thupi. Ku Ulaya nthendayi igwira makamaka amuna okalamba. Koma mu Zambia, Malawi, Zimbabwe, Kenya ndi Uganda igwira amuna ndi akazi omwe, ambiri a iwo asanafike zaka 50.

Nkhani ya mai wina

M'mudzi wina wa kum'mawa kwa dziko lathu munali mai, mlimi wa cimanga ndi nsawa. Mwana wace woyamba anali mtsikana wa msinkhu wanu. Tsiku lina, mvula itangoyamba, mtsikanayo anali kuthandiza amai ace kupeta, ndipo anaona kanthu kotuwa m'diso lao lamanzere, ca ku mphuno. Kanali kakang'ono ngati njere ya mapira.

"Amai, m'diso mwanu muli ciani?" anafunsa motero.

"Ndi kanyama cabe, mwananga," anayankha amai ace. "Sikapweteka. Kadzatha kokha."

Dzinja linapita, masika nafika. Pokolola m'munda, tsamba louma la cimanga linamkanda maiyo m'diso lomwelo. Madzulo ace diso linafiira niliyamba kuwawa. Apongozi ace, pofuna kuthandiza, anasinja masamba nafinyira madzi ace m'disomo. M'mawa mwace diso linali litatupa, mafinya ali kutuluka.

Tsono maiyo anapita ku cipatala cacing'ono ca kufupi ndi kwao. Zikope zinali zotupa kwambiri kotero kuti kanthu kaja sikanaoneke. Anamwino anamtsuka m'diso, nampatsa mankhwala opaka, nati, "Mai, mudzabwerenso likatha sabata limodzi, kuti tidzalione bwino disoli litaphwa."

Mankhwala aja anagwira nchito. Mafinya analeka, kuwawa kunacepa. Maiyo anati mumtima mwace, "Ndacira. Cimanga ciri kudikira kutonola, ndipo ku cipatala nkutali." Cotero sanabwerere.

Koma mtsikana uja sanaleke kupenyetsetsa. Anaona kuti mbali ya ku mphuno inali cifiirire, ndi kuti kanthu kaja kakula kufika pa njere ya khobwe, nikayamba kukwera pa cakuda ca diso. Pofika cirimwe diso linayambanso kuwawa ndi kutuluka mafinya, kuposa poyamba. Mtsikanayo anapita kwa amalume ace nagwada, nati, "Amalume, diso la amai silinapole ai. Mankhwala anacotsa mafinya, koma kanyama kaja kangokulira-kulira. Conde apititseni ku cipatala."

Amalume anamva mau a mwanayo, nanyamula mlongo wao pa njinga. Ulendo uno anamwino anaona cotupaco, ndipo analemba kalata yowatumiza kwa dotolo wa maso ku cipatala cacikuru.

Cifukwa cace nthendazi zipezana

Tisanapitirire ndi nkhaniyi, tifunse: nanga cicititsa nciani kuti nthenda ziwiri zosiyana cotere zikomane m'diso limodzi?

Cifukwa coyamba ncakuti cotupa citsegulira khomo tizirombo. Diso la bwino lidzitsuka lokha, pakuti nthawi iri yonse pamene tiphethira, cikope ciwaza misozi pa diso lonse. Koma pakakhala cotupa, cikope sicikhudza bwino malo oyandikana naco. Malowo auma, nang'ambika, ndipo tizirombo tilowerapo. Cotupa comweco cikhoza kucita cironda pamwamba pace ndi kuola.

Cifukwa caciwiri ncakuti thupi likafooka, adani alowa ambiri. Munthu amene citetezo ca m'thupi mwace catsika agwidwa msanga ndi tizirombo, ndipo thupi lace lilepheranso kuononga maselo oipa asanacuruke.

Cifukwa cacitatu ndico zinthu zimene anthu athira m'maso kumudzi, monga madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, shuga kapena mkodzo. Wothirayo afuna kuthandiza ndithu, koma zinthuzi zitenga tizirombo ndi kutilowetsa m'diso, ndipo zina zitentha kazenera kaja.

M'mene dotolo anapimira

Akuru anati, "Kuona maso a nkhono nkudekha." Dotolo wa maso sathamangira kupereka mankhwala, koma ayamba wafufuza bwino.

Coyamba anafunsa mafunso. "Mai, cinayamba nciti, kanyamaka kapena kuwawa? Papita miyezi ingati? Kodi munathiramo kanthu m'disomu? Musandibisire, pakuti sindidzakudzudzulani." Maiyo anafotokoza zonse. Mayankho amenewa anali ofunika, cifukwa nthenda ya tizirombo ibwera m'masiku owerengeka, koma cinthu cimene cakhala cikukula miyezi yambiri cisonyeza nthenda yina.

Caciwiri anamuimika pa mtunda wa mamita 6 kucokera pa cikwangwani ca zilembo, namuuza kuti aphimbe diso limodzi ndi kuwerenga ndi linzace. Diso lamanja linaona bwino, koma lamanzere linaona zilembo zazikuru zokha.

Cacitatu anamkhazika pa makina ounikira m'maso, amene ali ndi nyali yowala ndi magalasi okuza zinthu. Nyali ya mtundu umenewu anaikonza poyamba ndi Allvar Gullstrand wa ku Sweden mu 1911. Dotolo anadontheza m'diso utoto wacikasu wochedwa fluorescein, naunika ndi kuwala kobiriwira ngati thambo. Pa kazenera ka diso, pafupi ndi cotupa, panawala malo obiriwira ngati msipu. Utoto umenewu umamatira pamene pali cironda pokha, ndipo cotero dotolo anadziwa kukula kwa cirondaco.

Cacinai anadontheza mankhwala ocititsa dzanzi, napala pang'ono m'mphepete mwa cironda, napaka zimene anapalazo pa kagalasi. Anazitumiza ku cipinda copimira, kuti akaone ndi maikulosikopu mtundu wa tizirombo. Ici ncofunika pakuti mankhwala opha bakiteriya sapha cuku, ndipo cironda cobwera ndi tsamba la cimanga kapena udzu nthawi zambiri cikhala ndi cuku. Mwa mai uyu anapeza bakiteriya.

Cacisanu anadontheza mankhwala okuza mwana wa diso, nayang'ana m'kati mpaka ku retina ndi kanyali kena, ka mtundu umene Hermann von Helmholtz wa ku Germany anaonetsa anthu mu 1851. M'katimo munali bwino. Pambuyo pace anapapasa patsogolo pa khutu ndi kunsi kwa cibwano, kufuna kuona ngati patuluka mwanabere, pakuti kansa iyi ikayamba kuyenda ifika kumeneko poyamba. Sanapeze kanthu.

Potsiriza anapempha maiyo kuti ampime magazi. Maiyo analola, ndipo anapezeka ndi kacirombo ka HIV. Anamlangiza bwino, nayamba kumpatsa mankhwala a ma ARV, amene m'zipatala za boma aperekedwa ulere. Koma dziwani kuti si munthu ali yense wa cotupa ca m'diso amene ali ndi kaciromboka, ndipo sikuli koyenera kuloza munthu cala cifukwa ca diso lace.

Iyambe kuciritsidwa ndi iti?

Atatha zonsezi dotolo anati, "Mai, m'diso mwanu muli nthenda ziwiri. Pali cironda ca tizirombo, ndico cikupwetekani. Palinso cotupa, ndipo ndiganiza kuti ndi kansa."

Maiyo ananjenjemera, nati, "Kodi adotolo, mudzandicotsa diso?"

"Iai, mai. Mwafika nthawi ikalipo. Cotupaci cikali pamwamba, sicinalowe m'kati. Tiyamba ndi cironda, ndipo cikapola tidzacotsa cotupa. Koma musacoke muno nchito isanathe."

Mwina mufunsa kuti, popeza kansa ndiyo yoopsa koposa, analekeranji kuyamba ndi iyo? Zifukwa zace nazi. Cironda ca tizirombo cikhoza kuboola kazenera ka diso m'masiku owerengeka, pamene cotupa ca mtundu uwu cikula pa miyezi. Ndiponso dotolo akadula m'diso muli mafinya, tizirombo tilowa m'bala latsopanolo. Komanso diso likakhala lofiira ndi lotupa, nkobvuta kuona polekezera cotupa. Cotero amayamba kupha tizirombo, koma sadikira nthawi yaitali.

Maiyo anagonekedwa m'cipatala. Masiku oyamba anamwino anamdontheza mankhwala ora liri lonse, usana ndi usiku, ndipo pambuyo pace anacepetsa pang'ono-pang'ono. Atatha masabata awiri cironda cinapola, nicisiya kacipsera kakang'ono.

Tsono linafika tsiku la opaleshoni. Maiyo sanagonekedwe tulo. Anangomcititsa dzanzi m'diso, ndipo sanamve kuwawa. Dotolo anadula mozungulira cotupa, natengera pamodzi ndi mnofu wabwino wa m'mphepete, mamilimita 3 kapena 4, osakhudza cotupaco ndi mpeni, kuopa kumwaza maselo oipa. Acita monga mai wocotsa pobvunda pa dzungu, amene adulako ndi pabwino pomwe kuti kubvundako kusatsale. M'zipatala zina aumitsanso m'mphepete mwa bala ndi citsulo cozizira kwambiri, kuti maselo oipa otsalira afe.

Cotupaco sanacitaye. Anaciika m'kabotolo ka mankhwala osaoletsa, nacitumiza kwa akatswiri amene amacidula mopyapyala ndi kuciyang'ana ndi maikulosikopu. Iyi ndiyo njira yokha yodziwira zoona zace, cifukwa palinso kanyama kena kosaopsa kochedwa pterygium, kamene kamera pa malo omwewo, ndipo nthawi zina ngakhale dotolo sangathe kusiyanitsa ndi maso okha. Yankho linabwera lakuti inalidi kansa.

Bala litapola, maiyo anapatsidwa mankhwala ena odontheza ochedwa 5-fluorouracil, kanai pa tsiku kwa masabata 4. Mankhwala amenewa apha maselo a kansa amene mpeni unawasiya. Sawapereka cironda cisanapole, cifukwa acedwetsa kupola. Mu 2016 adotolo a ku Kenya anafalitsa zimene anapeza poyesa mankhwalawa: mwa odwala amene anawalandira itatha opaleshoni, cotupa cinameranso caka cisanathe mwa anthu 11 pa 100 ali onse, koma mwa amene sanawalandire cinameranso mwa anthu 36 pa 100.

Maiyo anabwerera kwao ndi maso ace onse awiri. Tsopano polima abvala cipewa cacikuru cochinga nkhope, amwa mankhwala ace tsiku ndi tsiku, ndipo sacedwa pa tsiku limene dotolo anamlembera kuti akaonedwenso, pakuti kansa ikhoza kumeranso.

Wocedwa aona zotani?

Pali mwambi wakuti, "Zengerezu analinda kwaukwau." Maiyo akadakhala miyezi yina pa mudzi, cotupa cikadalowa m'kati mwa diso ndi m'phanga la mafupa m'mene diso likhala. Zikafika pamenepo dotolo alibe njira yina koma kucotsa diso lonse, nthawi zina pamodzi ndi zikope, kuti apulumutse moyo. Odwala ena otere atumizidwa ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, cipatala ca kansa cimene cinatsegulidwa mu 2007, kumene kuli makina otentha kansa ndi ceza camphamvu. Koma kansa ikafalikira m'thupi, kuciritsa kwace kubvuta kwambiri.

Kansa ya m'maso mwa ana

Palinso kansa yina imene inu muyenera kuidziwa, cifukwa igwira ang'ono anu amene mumawabereka kumsana. Dzina lace ndi retinoblastoma. Imera m'kati mwa diso, pa retina, ndipo igwira makamaka ana osafika zaka 5. Siicuruka: mwa ana 15,000 kufikira 20,000 obadwa, igwira mmodzi. Ikhoza kugwira diso limodzi kapena onse awiri, ndipo m'mabanja ena iyenda m'magazi kucokera kwa makolo.

Cizindikiro cace coyamba ndi ici: mwana wa diso, m'malo mokhala wakuda, aoneka woyera kapena wonyezimira ngati diso la mphaka usiku. Cioneka bwino madzulo pa kuwala kwa nyali, kapena pa cithunzi cojambulidwa ndi foni yowalitsa. Cizindikiro cina ndico diso loyang'ana kumbali. Pa nthawi imeneyi mwana samva kuwawa, ndipo asewera monga mwa masiku onse.

Cotupa cikakula, diso lifiira, zikope zitupa, ndipo mwana alira. Apa ndipo anthu asokonezeka, pakuti lioneka ngati diso logwidwa ndi tizirombo. Nthawi zina tizirombo tilipodi. Nthawi zina kutupako kucokera ku cotupa cokha cimene cayamba kuonongeka m'kati. Makolo apaka mankhwala sabata ndi sabata, ndipo nthawi iri kutayika.

Dotolo amgoneka tulo mwanayo kuti aone bwino m'kati mwa maso onse awiri, najambula ndi makina oona za m'kati. Sabaya cotupaco ndi singano kuti atengeko kacidutswa, cifukwa kutero kungatulutse maselo oipa kunja kwa diso. Cotupa cikakhala cacing'ono, aciritsa ndi mankhwala olowetsa m'mitsempha, ndi kucitentha kapena kuciumitsa. Cikakhala cacikuru, acotsa diso, ndipo bala likapola aikamo diso lopanga looneka ngati leni-leni. Dotolo wa ku Scotland, James Wardrop, analemba kale mu 1809 kuti kucotsa diso msanga ndiyo njira yoyenera kuyesa populumutsa mwana wotere. Lero m'maiko m'mene ana afika msanga ku cipatala, oposa 9 mwa ana 10 ali onse acira. Kuno kwathu ambiri atayika cifukwa cofika mocedwa, kapena cifukwa makolo athawa naye mwana pakumva za kucotsa diso. Ncinthu cowawa ndithu kwa kholo. Koma mwana wa diso limodzi akula, aphunzira, nagwira nchito monga anzace.

Zoyenera kukumbukira

1. Sambani m'manja ndi kumaso ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo musabwerekane nsaru yopukutira kumaso.
2. Musathire m'diso cinthu ciri conse cimene sicinacokere ku cipatala.
3. Musagwiritse nchito mankhwala a m'maso otsala kwa munthu wina, kapena ogula pa msika. Ena a iwo acotsa kufiira, koma akulitsa cironda.
4. Anamwino akati mudzabwerenso, bwererani, ngakhale kuwawa kwatha.
5. Diso limene silipola litalandira mankhwala sabata limodzi kapena awiri, makamaka likakhala limodzi lokha, lifunika kuonedwa ndi dotolo wa maso.
6. Kanyama kali konse kamene kakula pa diso kaonetsedwe ku cipatala, ngakhale sikapweteka.
7. Mukaona coyera pa mwana wa diso wa khanda, uzani makolo tsiku lomwelo.
8. Pogwira nchito pa dzuwa, bvalani cipewa cochinga nkhope.

Amene anapulumutsa diso la mai uja poyamba sanali dotolo, koma mtsikana wa sukulu amene anapenyetsetsa, nalankhula kwa akuru mwaulemu. Inunso mukhoza kutero kwanu.

Mau atsopano

*Maselo:* tinthu tating'ono-ting'ono timene tipanga thupi.
*Kansa:* nthenda imene maselo aswana osalekeza ndi kuononga thupi.
*Cornea:* kazenera kowala ka patsogolo pa diso.
*Retina:* kansaru ka kumbuyo kwa diso kolandira cithunzi.
*Maikulosikopu:* makina a magalasi okuza tinthu tosaoneka ndi maso.
*Opaleshoni:* nchito ya dotolo yodula ndi kucotsa cobvuta m'thupi.

Mafunso

1. Chulani ziwalo zinai za diso, ndi nchito ya ciri conse.
2. Kodi nthenda ya tizirombo isiyana bwanji ndi kansa? Perekani kusiyana kutatu.
3. Cifukwa ninji anamwino sanaone cotupa pa ulendo woyamba?
4. Mai uja analakwa ciani mafinya atatha?
5. Fotokozani nchito ya utoto wacikasu umene dotolo anadontheza m'diso.
6. Perekani zifukwa zitatu zimene dotolo anayambira kuciritsa cironda asanacotse cotupa.
7. Cifukwa ninji cotupa cinatumizidwa kwa akatswiri citacotsedwa?
8. Kodi cizindikiro coyamba ca kansa ya m'maso mwa ana nciani?
9. Masulirani mwambi uwu molingana ndi phunziroli: "Zengerezu analinda kwaukwau."

Zocita

(a) Jambulani diso m'buku mwanu, ndi kulemba maina a ziwalo zace. Ikani cizindikiro pa malo pamene kansa ya anthu akuru ikonda kuyambira.

(b) Pimani mamita 6 kucokera pa bolodi. Phimbani diso limodzi ndi cikhato, osalikanikiza, ndi kuwerenga zimene aphunzitsi alemba. Citani comweco ndi diso linzace. Ngati diso limodzi liona mocepa, uzani aphunzitsi.

(c) Yerekezani kuti azakhali anu ali ndi kanyama m'diso, koma aopa kupita ku cipatala. Alembereni kalata yaulemu ya mizere khumi, yowafotokozera cifukwa cace ayenera kupita msanga.